Akundiphethirira magetsi ngakhale ndili pa dimu: kodi nyali zakutsogolo ndingaziwongole ndekha?

Nangozo:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Chiikireni mababu atsopano kutsogolo kwa galimoto yanga, madalaivala amene ndikukumana nawo usiku akumandiphethirira magetsi ngati ndili pa fulu, chonsecho ndili pa dimu. Ena akumachita kundiyatsira fulu mpaka tidutsane, ine osaonanso kanthu. Chodabwitsa n'chakuti inenso msewu sindikuuona bwino. Mitengo ya m'mbali ikuwala mpaka kunsonga, koma pansi patsogolo panga kuwala kwake n'kwa zigambazigamba. Kodi nyali zimenezi munthu angaziwongole yekha pakhomo, kapena mpaka makina a kugalaja? Galimoto ndi yaing'ono ya saluni, mababu ndi a H4.

Yamikani LED:
Achemwali, asiyeni aziphethira. Anthu anazolowera magetsi ofooka, akangoona owala bwino amayesa ndi fulu. Ine ndinaika mababu a LED ndipo nyali ndinazikweza pang'ono kuti ndiziona patali. Chachikulu n'choti inuyo muziona kumene mukupita.

Madala Sipanala:
Mphwanga Yamikani, pamenepo ndikukana. Munthu amene wamuthobwa m'masoyo akubwera kumene uli iweyo, pa liwiro, ndipo kwa masekondi angapo sakuona malire a mbali yake. Ngozi yakeyo idzapeza iwe.

Mayi Nangozo, mungathe ndithu. Pamafunika khoma, tepi yoyezera, choko ndi sikuludiraiva basi. Koma musanagwire kabawuti kalikonse, yambani mwaona mababuwo. Mwanena zinthu ziwiri: vuto layamba atangoikidwa, ndipo kuwala kuli zigambazigamba. Nyali imene yangoloza m'mwamba imawalabe mosalala, kungoti kuwalako kumakhala pamwamba. Ikamachita zigamba, nthawi zambiri babu silinakhale bwino pamalo pake.

Babu la H4 lili ndi timakutu titatu, kamodzi kotakata kuposa tinzake, ndipo kameneko kamayang'ana m'mwamba. Mkati mwa babu muli tiwaya tiwiri, ka dimu ndi ka fulu. Pansi pa kawaya ka dimu pali kachitsulo kotchinga, ntchito yake n'kuletsa kuwala kugunda theka lakumunsi la chonyezimira cha nyali. Kuwala kogunda theka lakumwamba kumabwerera pansi pamsewu, pomwe kogunda lakumunsi kumakwera m'mwamba. Ndiye babu likapendekeka, kachitsuloko kamatchinga posayenera, kuwala kwa dimu n'kumathawira m'maso mwa anthu. Milimita imodzi kapena iwiri ndi yokwana kusokoneza zonse.

Zulani pulagi, chotsani chilabala chakumbuyocho, masulani kawaya kopanira, kenako lowetsaninso babu mpaka timakutu tonse titatu titsike m'timipata take. Galasi la babu musaligwire ndi zala. Mafuta a m'zala amapserera pagalasipo ndipo babu limafa msanga.

Nangozo:
Madala, mwalasa. Ndatsegula boneti, ndapeza kuti babu lakumanja kakhutu kamodzi kali panja, kawaya kanangolipana chopendekeka. Ndalikhazika bwino. Koma pali china: amene anandiikira mababuyo anapotokolanso mabawuti a kumbuyo kwa nyali zonse ziwiri, amati akukweza kuti ndizionera patali. Ndiye sindikudziwa kuti poyamba zinali pati.

Madala Sipanala:
Palibe kanthu mayi, tizibwezera poyeza osati poyerekeza. Ntchito yaikulu ili pokonzekera, kupotokola kwenikweniko ndi mphindi zochepa.

Pezani khoma losalala lomwe kutsogolo kwake kuli malo athyathyathya okwana galimoto ndi mamita 10 ena. Muchite madzulo kutada. Matayala onse akhale ndi mpweya umene walembedwa pakachitsulo kapena kapepala ka pachitseko cha dalaivala, chifukwa tayala limodzi lophwa limapendeketsa galimoto yonse. M'buti chotsani katundu wolemera amene simuyenda naye masiku onse, mungosiya tayala lapadera ndi jeke. Mafuta m'thanki asakhale otsalira pansi. Pampando wa dalaivala pakhale munthu wolemera ngati inuyo. Opanga magalimoto amayezera munthu mmodzi wa makilogalamu 75 pampandopo.

Mukaimitsa, kanikizani galimoto kutsogolo ndi kumbuyo kangapo n'kuisiya kuti masipuling'i akhazikike. Chiwongolero chikhale chowongoka ndipo galimoto iyang'ane khoma ndendende, osati chammbali.

Tsopano yang'anitsitsani pagalasi la nyali. Zambiri zili ndi kadontho, kamzere kapena kabwalo kakang'ono kosonyeza pakati penipeni. Ngati palibe, pakati ndi pamene pali babu la dimu. Yezani kuchokera pansi kufika pamenepo, mulembe nambala. Pitani kukhoma mukajambule mzere wopingasa pa msinkhu womwewo. Yezaninso mtunda wa pakati pa nyali ziwirizo. Pakhoma pezani pamene pakuloza pakati pa galimoto: imani kumbuyo kwake, yang'anani kudzera pagalasi lakumbuyo modutsa pakati pa galasi loonera kumbuyo la mkatimo, mnzanu aike chizindikiro pamene mukumuuza. Kuchokera pachizindikirocho yezani theka la mtunda uja kumanzere ndi theka kumanja, mujambule timizere tiwiri toimirira. Mukhala ndi mitanda iwiri pakhoma, uliwonse ukuimira pakati pa nyali imodzi.

Mamita 10 aja muyeze kuchokera pagalasi la nyali, osati pa bampala kapena pa tayala.

Chikondi Wamawaya:
Ndiwonjezere pang'ono pa zimene anena madala, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa. Pafupi ndi chiwongolero, magalimoto ambiri ali ndi kawilo kolembedwa 0, 1, 2, 3, ena mpaka 5, pambali pake pali chithunzi cha nyali. Kameneko kamayendetsa timamota ta m'nyali. Nambala ikamakula, kuwala kumatsika. Anakaikira nthawi imene mwanyamula anthu kumbuyo kapena katundu m'buti. Poyeza kakhale pa 0. Mukayezera pa 2, tsiku lina mwana adzakabwezera pa 0 nyali n'kuloza kumwamba.

Chachiwiri, injini ikhale ikulira kuti batire isaphwe. Chachitatu, muziyeza nyali imodzi payokha. Inayo itchingeni ndi katoni yoimika patsogolo pake kapena munthu aime pamenepo. Musaiphimbe ndi nsalu yokhuthala mogundika kwa nthawi yaitali, chifukwa magalasi a masiku anowa ndi apulasitiki, amatha kuwonongeka ndi kutentha.

Nangozo:
Zikomo. Ndiye kuwala kuzifika pa mzere wopingasawo?

Aphunzitsi a Masamu:
Ayi mayi, kuzikhala pansi pake, ndipo kuchuluka kwake galimoto yanu ikuuzani yokha. Yang'anani pamwamba pa nyali mukatsegula boneti, kapena pakapepala komatidwa pafupi. Pamakhala kachithunzi ka nyali ndi nambala yonga 1.0%, 1.2% kapena 1.3%. Imeneyo ndiyo imanena mmene kuwala kwa dimu kuyenera kutsikira. Tanthauzo la 1% ndi lakuti pa mita iliyonse kuwala kutsike sentimita imodzi. Chifukwa chake madala asankha mamita 10: masamu amaphweka. 1.0% ndi masentimita 10, 1.2% ndi masentimita 12, 1.3% ndi 13.

Tiyerekeze kuti mwayeza pakati pa nyali n'kupeza masentimita 65 kuchokera pansi, ndipo palembedwa 1.2%. Pakhoma jambulani mzere wachiwiri pa masentimita 53. Malire a kuwala ndi mdima, aja amaoneka ngati adulidwa bwinobwino pamwamba pa kuwala kwa dimu, akhale pa mzere wachiwiriwu.

Malo akachepa mutha kuimika pa mamita 5 n'kugawa nambala ija pakati, 1.2% ikhala masentimita 6. Koma dziwani kuti mukayandikira khoma, kulakwitsa kwa sentimita imodzi kumalemera kawiri. Pa mamita 2 kapena 3 musavutike n'komwe, makulidwe a mzere wa choko ndi okwana kukusokonezani.

Nambala ikasowa, malamulo a United Nations a magetsi a galimoto, otchedwa Regulation 48, amaika poyambira pakati pa 1.0% ndi 1.5% kwa nyali zosafika masentimita 80 kuchokera pansi, ndipo pakati pa 1.5% ndi 2.0% kwa zopitirira mita imodzi. Galimoto ikatalika nyali zimayenera kuwerama kwambiri. Pa intaneti mudzaonanso njira ya ku America ya mamita 7.6 ndi masentimita 5, yomwe ndi pafupifupi 0.7%. Imeneyo ndi ya nyali zawo zolembedwa VOL pagalasi. Ngati yanu ili ndi nambala ya peresenti, tsatani nambala yanuyo.

Nangozo:
Ndapeza, palembedwa 1.0%. Koma pamalo pamene ndikuganiza kukayezera ndikukayika ngati pali poyalana bwino. Ndi maso pakuoneka bwino ndithu, koma madzi a mvula amayenda kulowera kukhoma.

Mmisiri Womanga:
Mayi, madzi akamayenda ndiye kuti pali potsetsereka, maso asakunamizeni. Pabwalo timachita dala kupendeketsa kuti madzi asaime, ndipo nthawi zambiri kupendekekako kumakhala sentimita imodzi kapena awiri pa mita, chimodzimodzi ndi chimene mukufuna kuyezacho. Kupendekeka kukakhala kofanana kuyambira pa matayala akumbuyo mpaka kukhoma, sikuvuta, chifukwa galimoto ndi khoma muziyeza kuchokera pansi pomwepo. Choipa ndi pamene galimoto yaima poyalana koma chakukhoma kwatsika, kapena matayala akumbuyo ali pokwera okha.

Kuti mudziwe, tengani payipi yopyapyala yoonekera mkati, ija timayezera levulo pomanga, muthiremo madzi opanda thovu. Madzi a kunsonga ziwiri amakhala pa msinkhu umodzi nthawi zonse. Yezani kuchokera pamadzi kufika pansi pa tayala lakumbuyo, pa lakutsogolo ndi patsinde pa khoma. Nambala zitatuzo zikhale zofanana, kapena zizisintha mofanana pa mita iliyonse. Zikapanda kutero pezani malo ena.

Madala Sipanala:
Amisiri anena zoona. Tsopano kupotokola. Kumbuyo kapena pamwamba pa nyali iliyonse pali timabawuti tiwiri tosinthira, kena ka m'mwamba ndi pansi, kena ka kumanzere ndi kumanja. Pena pamalembedwa U ndi D, L ndi R. Tina timafuna sikuludiraiva ya mtanda, tina sipanala ya 8 kapena 10, tina kiyi ya makona sikisi. Musasokoneze ndi mabawuti ogwira nyali ku thupi la galimoto, amenewo sasintha kanthu.

Potokolani theka la kuzungulira, yang'anani pakhoma, ndipo muziwerenga kuti mwazungulira kangati kuti muthe kubwerera. Osatsamira galimoto pochita zimenezi, thupi lanu limaitsitsa. Kabawuti kakalimba musakakamize, mkatimo muli timano tapulasitiki tomwe tikathyoka nyali imangogwedera. Thirani timafuta tofewetsa mudikire kaye.

Kuwala kwa dimu kuli ndi mbali ziwiri. Ina ndi yopingasa, ina imathyokera m'mwamba, pa nyali za H4 ndi madigiri 15. Pa galimoto yopangidwira kuyenda kumanzere kwa msewu, yopingasayo imakhala kumanja, kumene kumachokera anzanu, ndipo yokwerayo kumanzere kuti muone zikwangwani, oyenda pansi ndi apanjinga. Nyali zonse ziwiri zimajambula chimodzimodzi, sizitembenukirana. Mbali yopingasa ndiyo muikhazike pa mzere wa masentimita 10 uja. Pothyokapo pakhale pa kamzere koimirira ka nyali imeneyo. Pakasunthira kumanja, mbali yokwera ilowa m'maso mwa obwera ngakhale msinkhu uli bwino. Ngati mukukayika, bola pasunthire pang'ono kumbali ya kunja kwa msewu kusiyana ndi mkati.

Fulu simuiyeza payokha pa H4. Tiwaya tonse tili m'babu limodzi, mukakonza dimu fulu yakonzekeratu.

Yamikani LED:
Madala, ulemu wanu, koma masentimita 10 amenewo ine sindingayende nawo. Munthu uli pa 100 usiku, dimu ikuthera pamphuno, chinthu ukuchiona utachifika kale. N'chifukwa chake ndinakweza. Inu mukuganizira maso a wobwerayo, nanga anga?

Aphunzitsi a Masamu:
Achimwene Yamikani, mbali ina mukunena zoona ndipo tisakubisireni. Nyali ya masentimita 65 yotsika 1% imagunda pansi pa mamita 65 kumbali yopingasa. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola mumayenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi. Sekondi imodzi yoti muone chinthu n'kuponda buleki, mamita 28 apita. Kuima kwenikweniko pa phula louma ndi matayala abwino kumadya mamita oposa 50. Pamodzi ndi pafupifupi 80. Choncho dimu siikwanira liwiro la 100, ngakhale itakonzedwa bwino chotani. Pa 80 mumayenda mamita 22 pa sekondi ndipo kuima konse ndi pafupifupi mamita 57, ndiye mumakhala m'kati mwa kuwala kwanu koma mothina.

Kumene ndikusiyana nanu ndi mankhwala ake. Tiyeni tiwerenge kukweza kwanuko. Mukafikitsa pa 0%, kuwala kukuyenda pa msinkhu wa masentimita 65 osagunda pansi, ndipo kabampu kalikonse kamakuponyera m'maso mwa munthu. Mukapitirira ndi 1% m'mwamba, pa mamita 50 kwakwera kufika masentimita 115. Maso a dalaivala wa saluni amakhala pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 10 kuchokera pansi. Ndiye kuwala kwamphamvu kwambiri kwa nyali, komwe kumakhala pansi penipeni pa malire aja, mwakuchotsa pamsewu n'kukuika pankhope ya mnzanu. Inuyo simunapindule, phula lakutali lija likulandira kochepa kuposa kale. Fulu nayonso yakwera limodzi, ikuunikira nthambi.

Kutsitsa mopitirira nakonso n'koopsa. Pa 2% nyali yomweyo ikuthera pa mamita 32. Ena akatopa ndi kuphethiriridwa amangoweramitsa mpaka pansi, n'kumayenda 80 akuona mtunda wa sekondi imodzi ndi theka. Kuona patali ndi ntchito ya fulu pamene msewu uli wokha. Mukadima, phazi lichoke pa mafuta.

Dalaivala wa Usiku:
Ine ntchito yanga ndi ya usiku pa galimoto yaikulu, ndimakhala pamwamba, koma nyali zokwezedwa zimandipezabe. Chimene anthu sadziwa n'chakuti kuthobwako sikutha galimoto ikangodutsa. Maso amatenga kanthawi kuti azolowerenso mdima, ndipo munthu akamakula kanthawiko kamatalika. Panthawi imeneyo wapanjinga wopanda chonyezimira ali m'mbali mwanga, ine sindikumuona. Amene wandithobwa uja wapita, sadzadziwa n'komwe.

Choyesera changa n'chapafupi. Mukatsatira saluni pa mtunda woyenera pamsewu woyalana, kuwala kwa dimu yanu kuzithera chapa bampala kapena pa buti yake. Mukaona kuti mitu ya anthu a mkatimo ikuwala, kapena dalaivala wapinda galasi lake loonera kumbuyo, nyali zanu zakwera. Ndiponso munthu mmodzi akakuphethirirani mwina ndi maso ake, koma akamachita ambiri musawabwezere fulu kuti muwaonetse kuti munali pa dimu. Kayezeni.

Yamikani LED:
Za liwirozo ndamva aphunzitsi. Koma ndikatsitsa n'kufika pa mzerewo, a LED anga ndisiye momwemo eti? Akuwala kuposa a halojeni, mababu wamba a kawaya aja, zimenezo ndiye musanditsutse.

Chikondi Wamawaya:
Achimwene, khoma ndilo likuyankheni. Imikani pa mamita 10 muyatse dimu. Mukaona malire odulidwa bwino, pamwamba pake pali mdima, ndiponso pothyoka pakuoneka, babu lanu likugwirizana ndi nyaliyo, yezani monga anenera madala. Mukaona chimtambo cha kuwala chopanda malire, palibe kabawuti kangakonze zimenezo, chifukwa mulibe choti muchikhazike pa mzere.

Chifukwa chake ndi ichi. H4 inayamba mu 1971, ndipo chonyezimira cha nyali yotere chinaumbidwa poyembekezera kawaya kopyapyala kowala mbali zonse, kali pamalo amodzi enieni. Babu la LED lili ndi timiyala towala tomatidwa mbali ziwiri za kachitsulo. Kachitsuloko kakakhuthala, kapena timiyala tikasuntha pang'ono kuchoka pamene pamayenera kukhala kawaya, chonyezimira chimamwaza kuwala paliponse. Ena ali ndi kolala yozungulira. Atembenuzeni mpaka timiyala tiyang'ane kumanzere ndi kumanja, osati m'mwamba ndi pansi, pena zimathandiza. Zikakanika bwezerani halojeni.

Kuyera kumanamiza. Patsogolo pa bampala pakawala kwambiri mumamva ngati mukuona bwino, koma maso anu amazolowera kuwala kwapafupiko ndipo zakutali zimada. Onaninso mmene opanga amachitira ndi magetsi amphamvu. Dimu ya H4 imatulutsa malumeni (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) pafupifupi 1,000. Babu la xenon (lowala ndi gasi, lopanda kawaya) la mtundu wa D2S limatulutsa 3,200. Malamulo a ku Ulaya anafuna kuti nyali zotere zikhale ndi makina odziweramitsa okha katundu akachuluka komanso zotsukira galasi, chifukwa ngakhale fumbi la pagalasi limamwaza kuwala kochuluka choncho. Ife timatenga mphamvu yonga imeneyo n'kuiika m'nyali yopanda chilichonse mwa ziwirizi. Ndiponso m'mayiko ambiri kuika babu la LED m'nyali ya halojeni n'kosaloledwa pokhapokha babulo litavomerezedwa pa mtundu wa galimoto umenewo, ndiye funsani malamulo a kumene muli.

Mayi a Pempho:
Pepani kulowerera. Ife tinayeza monga mwafotokozeramu, msinkhu uli bwino, koma pakhoma mbali yokwera ili kumanja, ndipo timayenda kumanzere kwa msewu. Anthu akutiphethirirabe. Tizipotokola kabawuti ka m'mbali?

Madala Sipanala:
Ayi mayi, musakagwire. Nyali zanuzo zinapangidwira mayiko oyenda kumanja kwa msewu, monga Germany kapena America. Za mayiko oyenda kumanzere, monga Japan ndi Britain, zimakwera kumanzere. Izi zimachitika galimoto ikachokera ku dziko la mbali ina, kapena nyali ikasinthidwa pambuyo pa ngozi osayang'anitsitsa. Ngati pagalasi pali chilembo E m'kabwalo, yang'anani pafupi pake. Muvi woloza kudzanja lanu lamanja mutaima moyang'anana ndi nyali ukutanthauza kuti ndi ya oyenda kumanzere. Popanda muvi ndi ya oyenda kumanja. Muvi wa mitu iwiri ndiye kuti imasinthika. Nyali zina za pulojekita, zija zokhala ndi galasi lozungulira ngati diso, zili ndi kachitsulo mkati kotsekera mbali yokwerayo, onani m'buku la galimoto. Zomata pagalasi zotchinga mbali yokwerayo ndi za alendo a masiku ochepa. Ngati galimoto mukhala nayo, sinthani nyali.

Nangozo:
Ndabwera ndi zotsatira. Malo oyamba aja amisiri ananena zoona, chakukhoma kunali kotsika, ndiye tinapeza ena. Pakati pa nyali ndi masentimita 66, mzere wachiwiri tinaujambula pa 56. Titayatsa, yakumanzere malire ake anali pa 71 ndipo yakumanja pa 78, zonse pamwamba pa msinkhu wa nyali yeniyeniyo. Tatsitsa zonse kufika pa 56 ndipo pothyoka tapakhazika pa timizere. Msewu tsopano ukuoneka mosalala, m'mbali mukuwala, ndipo oyendetsa anzanga asiya kuphethira. Chotsala n'chakuti yakumanzere ikuoneka yofiirira poyerekeza ndi inzake, ndipo galasi lake lachita chikasu.

Chikondi Wamawaya:
Mwagwira ntchito mayi. Masentimita 78 pa nyali ya 66 ndiye kuti inkaloza m'mwamba ndi 1.2%, anthu aja sankanama.

Kufiirako kungachokere pawiri. Koyamba ndi magetsi osafika okwanira. Injini ikulira ndipo dimu ili yoyaka, yezani mavoti pa batire, kenako pa pulagi ya babu osalizula. Kusiyana kukapitirira theka la voti, pena pakutayika mphamvu, kawirikawiri pa waya wa ethi wochita dzimbiri kapena pa pulagi yopserera. Halojeni imamva msanga: mavoti akatsika ndi 10%, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Ambiri akaona choncho amathamangira mababu a mawati 100 m'malo mwa a 60/55, mapeto ake pulagi imasungunuka ndipo chonyezimira chimapsa.

Kwachiwiri ndi galasilo. Dzuwa limadya utoto wotetezera wa pamwamba pa pulasitiki. Galasi lachikasu limachepetsa kuwala komanso limakumwaza, moti limathobwa anthu ngakhale nyali yayezedwa bwino. Likwecheni ndi sanipepala ya madzi, kuyambira ya 800 kukwera mpaka 2000 kapena 3000, mupolishe, kenako mupake utoto woonekera woteteza ku dzuwa. Mukadumpha utotowo chikasu chimabwerera pa miyezi yochepa. Mukatha bwererani kukhoma, malire amaoneka bwino galasi likayera.

Bambo a Tadala:
Funso langa ndi la pikapu. Ndikayeza ilibe katundu zonse zimakhala bwino. Ndikangosenza, aliyense akundiphethirira. Kawilo ka manambala kaja mulibe m'galimoto yanga. Ndiziyezera itasenza kapena ilibe kanthu?

Aphunzitsi a Masamu:
Bambo, onani mmene zimachepera kuti zisokonekere. Kupendekeka kwa galimoto ndi kutsika kwa kumbuyo kugawa ndi mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Pa Hilux ya zitseko zinayi ya zaka zaposachedwa mtundawo ndi mamita 3.085, ndiye kumbuyo kukatsika masentimita 3 okha poyerekeza ndi kutsogolo, nyali zakwera 1%. Kukatsika 6, zakwera 2%, ndipo ngati munayezera 1.5% tsopano zikuloza kumwamba. Pa saluni yonga Corolla ya mamita 2.6, masentimita awiri ndi theka ndi okwana, kutanthauza anthu atatu pampando wakumbuyo ndi zikwama m'buti. Yezani kuchokera pansi kufika pamlomo wa madigadi, kutsogolo ndi kumbuyo, isanasenze ndi itasenza. Mudziwa chimene katundu wanu amachita.

Madala Sipanala:
Bambo a Tadala, yezerani mmene imayendera usiku nthawi zambiri. Ngati usiku mumakhala mutasenza, ikani katundu wonga ameneyo n'kupita naye kukhoma. Koma dziwani kuti mukadzatsitsa katundu nyali zidzawerama kwambiri, muzidzayenda pang'onopang'ono. Njira ina imene ndimaphunzitsa a mapikapu ndi kuyeza kawiri: ilibe kanthu, kenako itasenza, n'kuwerenga kuti kabawuti ka m'mwamba ndi pansi kazungulira kangati pakati pa ziwirizo. Lembani nambalayo mkati mwa boneti, sikuludiraiva izikhala m'galimoto. Katundu wolemera muzimukankhira kufupi ndi kabini, osati kuchitseko chakumbuyo, chifukwa akapitirira matayala akumbuyo amanyamula mphuno. Ndipo ngati ikukhala pansi ndi katundu wochepa, masipuling'i atopa, yambani ndi amenewo.

Bambo a Tadala:
Zamveka madala. Nanga ya akazi anga, ili ndi xenon yochokera kufakitale, ilibenso kawilo. Kale poliza injini nyali zinkatsika n'kukwera zokha. Pano yangoloza pansi penipeni, kuwala kukuthera pafupi. Nayonso ndipotokole?

Chikondi Wamawaya:
Imeneyo musayambe ndi mabawuti, bambo. Ili ndi sensa yoyeza msinkhu wa galimoto, kawirikawiri pafupi ndi tayala lakumbuyo, yolumikizidwa ndi kandodo kakang'ono kokhala ndi timfundo kunsonga zonse. Kandodoko kamathyoka, kamaguluka kapena kuchita dzimbiri, kompyuta n'kumayesa kuti galimoto yasenza kwambiri, ndiye imaweramitsa nyali. Lowani pansi galimoto itaima pa matayala ake, osati pa jeke, muone ngati kandodo kali m'malo ndiponso ngati pulagi ya sensa siinalowe madzi. Onaninso ngati pa dashibodi payaka kachizindikiro ka nyali. Mukakweza ndi mabawuti sensa ili yofa, tsiku limene idzakonzedwe nyali zidzalumphira m'mwamba ndi mlingo wonse umene munawonjezera. Pa magalimoto ena, mukasintha sensa pamafunikanso kompyuta ya kugalaja kuti iuzidwe msinkhu woyambira, kenako ndiye mupite kukhoma. Mapulagi a kumbuyo kwa babu la xenon musawagwire magetsi ali oyaka, poyatsa pamadutsa mavoti oposa 20,000.